Difuloko ikakana kumasuka, nyundo si mankhwala

Ulóngwè — Mvula ikayamba mu Novembala, misewu ya dothi ya ku Dómuè ndi ku Tsangano imasanduka phala. Galimoto zimene zimalowabe m'midzi nyengo imeneyi ndi zija zokoka ndi matayala onse anayi: Land Cruiser zonyamula odwala ndi za amalonda a mbatata ya kachewere, Land Rover zakale, kudzanso mathirakitala. Zambiri mwa izo zili ndi chida chozitulutsa m'matope, chimene amakaniko a kuno amachitcha bloqueio, pamene anzawo a kutsidya ku Dedza ndi ku Ntcheu amati difuloko. Chidachi chimapulumutsa ulendo, koma chikakana kumasuka chimathanso kuthyola galimoto imene yangopulumuka kumene.

Pakati pa matayala awiri a kumbuyo pali chimphika chachitsulo chotchedwa difu. Galimoto ikamakhota, tayala la kunja limayenda mtunda wautali kuposa la mkati, monga mmene ng'ombe ya kunja imafulumirira ngolo ikamatembenuka. Difu ndiyo imalola tayala lililonse kuzungulira pa liwiro lake. M'matope ubwino umenewu umasanduka vuto, pakuti tayala limodzi likaterera limangopota ndi kumwaza matope, linzake lili chiimire. Apa ndi pamene woyendetsa amatchera difuloko, imene imamanga matayala awiriwo kuti azungulire limodzi. Pa Land Rover Defender chomangacho chili pakati pa galimoto, ndipo chimamanga matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo.

Vuto limaoneka pa phula

Vuto limabwera matope akatha. Galimoto yakwera pa msewu wa phula wopita ku Tete, woyendetsa wabweza kabatani kapena kandodo, koma kanyali ka difuloko kakuyakabe. Chiwongolero chimalemera, matayala amalira ndi kukwekwesa pansi pokhota, ndipo galimoto imakhala ngati ikufuna kupita molunjika basi. Woyendetsa akaumirira ulendo, matayala amaperesedwa msanga, ndipo mapeto ake shafuti yopita ku tayala imathyoka kapena mano a m'difu amagweluka. Chitsulo chotero sichipezeka pa msika wa m'mudzi. Chimafunidwa ku Tete, mwinanso ku Lilongwe, ndipo masiku amenewo mbatata imakhala ikuola m'matumba, wodwala akudikira m'mphepete mwa msewu.

Kawirikawiri difuloko yokana kumasuka imakhala isanawonongeke. Mkati mwake muli mano achitsulo amene amalumana. Pa dothi lolimba matayala sapeza poterera, choncho mashafuti amapotana ngati chingwe, ndipo mano aja amapanikizana kwambiri mwakuti sipuling'i yowabweza imalephera. Matayala osiyana kukula, kapena ena ochepa mpweya, amawonjezera kupanikizanako ngakhale pa msewu wowongoka. Mankhwala ake ndi kuchotsa kupanikizanako, osati kumenya ndi nyundo.

Zoyamba kuchita

Woyendetsa ayenera kuima, kutsimikiza kuti kabatani kabwezedwa, ndi kubwerera chammbuyo pang'onopang'ono mamita 5 kapena 10. Zikakanika, apite kutsogolo mwapang'ono akugwedeza chiwongolero kumanja ndi kumanzere, akuponda ndi kusiya mafuta. Kutsitsira matayala a mbali imodzi pa mchenga kapena pa udzu wa m'mbali mwa msewu kumathandizanso, popeza tayala likaterera pang'ono mano amamasuka. Nthawi zambiri pamamveka kulira kwa chitsulo kamodzi, kanyali ndi kuzima.

Izi zikalephera, pamafunika jeke, imene ambiri kuno amaitcha makako. Galimoto iime pa malo osatsetsereka, injini izimitsidwe, ndipo matayala otsala atsekedwe ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Kenaka tayala limodzi likwezedwe. Pamene likuchoka pansi likhoza kudzizungulira lokha mwamphamvu, choncho ana ndi onse obwera kudzathandiza aime patali, ndipo munthu asalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha.

Tayala lokwezedwalo limanenanso zoona za difuloko yomanga matayala awiri a kumbuyo. Giya ikakhala pa nyutulo, buleki ya pamanja itamasulidwa, tayalalo likazungulira ndi manja ndiye kuti difuloko yamasuka, ndipo chonama ndi kanyali, mwina chifukwa cha kaswitchi ka pa difu kamene kagwidwa ndi matope. Likakana kuzungulira, difuloko idakali yomanga.

Galimoto iliyonse ndi matenda ake

Pa Land Cruiser zokhala ndi difuloko ya magetsi, chimene chimakankha mano ndi kamota komangidwa pa difu penipeni, malo amene amamira powoloka mtsinje. Kanyali kakamaphethira ndiye kuti mano sanafike pamalo pake. Munthu mmodzi atembenuze kabatani, wina amvetsere pafupi ndi tayala. Pakakhala zii, ayambe kuona fyuzi, kenaka mawaya ndi pulagi ya pa difu, zimene zimaduka ndi ziputu kapena kuchita dzimbiri. Kamota kakamalira koma osasuntha kanthu, kawirikawiri madzi analowa mkati ndi kuumitsa girizi. Makaniko wodziwa amachotsa kamotako, ndi kubweza chitsulo chokankha mano ndi manja, koma pobwezera kamota pamafunika kulinganiza mano ake bwino. Imeneyi si ntchito yoyesera.

Pa Defender yakale palibe kamota. Kandodo kakang'ono ka pambali pa giya kamakoka timitsulo tolumikizana pansi pa galimoto, ndipo matope akaumirapo timagwira. Kutsuka ndi kuthira oyilo pa mfundo zake nthawi zambiri kumakwanira.

Galimoto zina zili ndi difuloko ya mpweya. Imeneyi imamanga mpweya ukalowa, ndipo imamasuka mpweya ukatuluka. Pozimitsa payenera kumveka mpweya ukufwetsa. Pakapanda kumveka, kavalavu kotulutsira mpweya katsekeka kapena kapaipi kapindika.

Pa thirakitala monga Massey Ferguson, difuloko ndi chopondera cha ku chidendene cha kumanja. Chikakana kubwerera, woyendetsa aponde buleki ya tayala limodzi mwachidule, ndipo chimadumpha chokha. Thirakitala yomangika siimvera chiwongolero, choncho kufika nayo kumapeto kwa munda kapena pa mlatho isanamasuke ndi kuika moyo pachiswe.

Kupewa kuposa kuchiza

Difuloko imatcheredwa galimoto itaima kapena ikukwawa, osati tayala likupota, pakuti kutero kumaswa mano. Kampani ya Toyota imalangiza kuti liwiro lisapitirire makilomita 8 pa ola difu ili yomanga. Imasulidwe pamene matope athera, dothi likadali lofewa, osadikira phula. M'chilimwe, pamene siifunika, ndi bwino kuitchera ndi kuimasula kamodzi pa mwezi pa msewu wa dothi kuti isagwire dzimbiri. Galimoto ikawoloka madzi akuya, oyilo wa m'difu aonedwe. Akaoneka woyera ngati mkaka, madzi alowamo ndipo ayenera kusinthidwa.

Nawonso apaulendo ali ndi gawo lawo. Amene akankha galimoto m'matope amakhala atatopa ndipo amafuna kufika msanga, kotero ena amakalipa akaona woyendetsa akubwerera chammbuyo pa msewu wabwinobwino. Woyendetsa wotero sanasokonezeke. Akumasula difuloko, ndipo mphindi 5 zimenezo ndi zimene zimafikitsa katundu ku msika ndi wodwala ku chipatala tsiku lomwelo.