Kodi Mumadziwa? Nyumba Zakale za pa Doko la Onomichi

Kodi mumadziwa kuti ku Japan kuli nyumba 9 miliyoni zopanda wokhalamo? Boma litawerenga mu 2023 lidapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse, pafupifupi 14 zili pululu. Zina zikudikira wochita lendi kapena wogula, koma pafupifupi 3.9 miliyoni zidangosiyidwa: agogo adamwalira, ana adapita kukagwira ntchito ku Tokyo ndi ku Osaka, makiyi ali m'kabati kwinakwake. Eni dziko amazitcha akiya.

Kodi mumadziwa kuti tauni ina ya m'mbali mwa nyanja idaganiza zogoneka alendo m'nyumba zoterezi? Ndi Onomichi, m'chigawo cha Hiroshima. Tauniyi idapanikizika pakati pa phiri ndi madzi, moti mukaima pa doko mumaona chilumba cha Mukaishima patsidya pompo, ndipo boti limakuolotsani m'mphindi zochepa chabe.

Dokoli ndi lakale zedi. Lidavomerezedwa mu 1169 kuti pazisungidwa mpunga wa msonkho, ndipo mu 2019 anthu a kumeneko adakondwerera zaka 850. M'nthawi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, zombo zamalonda zotchedwa kitamaebune zinkaima pano pa ulendo wa pakati pa Hokkaido ndi Osaka. Amalonda atalemera adathira chuma pa akachisi, n'chifukwa chake lero pali njira ya pansi yodutsa akachisi 25. Mabomba a mu 1945 adawotcha mzinda woyandikana nawo wa Fukuyama, koma Onomichi adatsala, nyumba zake zamatabwa zili chilili.

Kodi mumadziwa kuti nyumba ya wamalonda, yomwe amati machiya, imakhala yopyapyala kumaso koma yaitali mochititsa kaso kumbuyo? Kumsewu kumakhala sitolo. Mukalowa mumatsata kanjira kodutsa m'kati mwenimweni mwa nyumba, zipinda zili mbali imodzi, mpaka mutulukire pa kabwalo kakang'ono kopanda denga kamene kamalowetsa kuwala ndi mphepo. Ambiri amati nyumbazi zidapyapyala chifukwa msonkho unkatengera kutalika kwa mbali yoyang'ana kumsewu. Mazenera a kumsewu amawatchinga ndi timatabwa toimirira mothithikana, kuti wa m'kati aziona odutsa koma odutsa asamuone.

Nyumba yogona alendo ya Anago no Nedoko, yomwe idatsegulidwa mu 2012 mumsewu wa masitolo wa Onomichi, ndi yotero. Kuchokera pakhomo kukafika kumbuyo ndi mamita pafupifupi 40. Kumaso kuli malo omwera khofi, ndipo kanjira kake n'kothina moti awiri sangayende mogundana mapewa.

Kodi mumadziwa kuti nyumba zambiri za pa phiri la Onomichi zikagwa sizingamangidwenso? Apa ndiye pagona nkhani. Lamulo la zomangamanga la 1950 limafuna kuti malo omangapo nyumba akhudzane ndi msewu wosachepera mamita 4 m'lifupi, ndipo kukhudzanako kukhale kwa mamita 2 kapena kuposa, kuti galimoto yozimitsa moto izifika. Pa mbali zambiri za phirili palibe misewu yotere. Pali masitepe amiyala ndi tinjira tokhotakhota tomwe ngakhale njinga yamoto imalephera. Choncho mwini wake akagumula nyumba, pamalopo pamangomera tchire mpaka kalekale. Njira yokhayo yoti pakhalebe nyumba ndi kukonza yomwe ilipo. Ineyo ndimaona kuti ichi n'chimene chimapatsa ulemu ndalama ya mlendo: zomwe walipira pa usiku umodzi zimathandiza kusintha mtanda wodyedwa ndi chiswe kapena kutseka denga lodontha pa nyumba imene ilibe mwayi wachiwiri.

Nanga anthu adakweranji phiri? Njanji itafika mu 1891 idadutsa m'tsinde mwa phiri, pakati pa nyumba za anthu ndi malo a akachisi. Ena mwa anthu omwe njanjiyo idawasamutsa adakwera mtunda, ndipo olemera adamanganso kumeneko nyumba zopumulirako zoyang'ana kunyanja.

Kodi mumadziwa kuti ntchito yokonza nyumbazi idayamba ndi mayi mmodzi? Masako Toyota, mbadwa ya Onomichi yemwe kale ankaperekeza alendo pa maulendo a kunja, adagula mu 2007 nyumba ya mu 1933 yomwe anthu amaitcha Gaudi House chifukwa cha kamangidwe kake kachilendo pa malo otsetsereka. Chaka chomwecho adayambitsa gulu la Onomichi Akiya Saisei Project, ndipo kuyambira 2009 gululi lakhala likuyendetsa kaundula wa mzinda wolumikiza eni nyumba zosiyidwa ndi ofuna kukhalamo. Poti lole sifika, matabwa, dothi lomatira ndi zinyalala za zaka zambiri zimayenda pamanja. Anthu odzipereka amandanda pa masitepe n'kumapatsirana matumba, wina kwa mnzake, kuyambira pakhomo mpaka kumsewu wa kumunsi. Ntchito ya thukuta imeneyi siioneka pa zithunzi zokopa alendo, koma popanda iyo palibe chipinda chikadatsegulidwa.

Gulu lomweli lidakonza Miharashi-tei, nyumba ya mu 1921 yokangamira pa phompho kumunsi kwa kachisi wa Senkoji. Idayamba kulandira alendo mu 2016, ndipo ili m'kaundula wa boma wa nyumba zofunika kusungidwa. Pazenera pake mumaona madenga a tauni yonse, maboti ndi makina onyamulira zitsulo pamalo okhomera sitima patsidya.

Kodi mumadziwa kuti mukagona m'nyumba zoterezi mwina simupezamo bedi m'chipinda chanu? Pansi pamayalidwa tatami, mphasa zochindikala za mamita pafupifupi 1.8 m'litali ndi masentimita 90 m'lifupi, zokutidwa pamwamba ndi udzu wa m'dambo wotchedwa igusa wolukidwa bwino kwambiri ngati mkeka. Kukula kwa chipinda amakuwerengera pa mphasazi: chipinda cha mphasa 6, chipinda cha mphasa 8. Zikakhala zatsopano zimaoneka zobiriwira ndipo zimanunkhira udzu wouma, zikamakalamba zimasanduka zachikasu. Dera la Bingo, momwe muli Onomichi, lidatchuka kalekale ndi zokutira tatami zapamwamba, ndipo amalonda a pa dokoli ankazigulitsa kutali. Usiku mumatulutsa matiresi opyapyala a futon m'kabati ya m'khoma n'kuyala nokha, m'mawa mumapinda n'kubwezera.

Nsapato zimatsala pakhomo. Masilipasi a m'nyumba saponda pa tatami, ndipo ku chimbudzi kumakhala masilipasi akeake omwe satuluka kumeneko. Ku bafa mumayamba mwasamba ndi sopo n'kudzitsukuluza panja pa chibeseni, kenako ndi pomwe mumalowa m'madzi otentha kukangokhala, chifukwa madzi omwewo alowamonso wina.

Kodi mumadziwa kuti nyumbazi zimazizira koopsa mu Januwale ndi Febuluwale? Zidamangidwa poganizira chitungu cha m'nyengo yotentha, kuti mphepo izidutsa. Zitseko zotsetsereka za shoji ndi timatabwa tomatidwa pepala, choncho chisanu chimalowa ndipo mawu amadutsa. Mnzanu akatsokomola chipinda china mumamva. Pothana ndi chisanu pali kotatsu, tebulo lalifupi lokhala ndi chotenthetsera kunsi ndi bulangete lokhuthala m'mbali, ndipo onse amalowetsa miyendo mmenemo n'kumacheza. Masitepe a m'nyumba amakhala oimirira kwambiri, mitanda ya pakhomo ndi yotsika, motero amsinkhu aziwerama. Ndipo kuseri kwa khoma kumakhala anthu enieni a m'deralo, ambiri okalamba, amene amagona msanga. Mlendo waulemu amatsitsa mawu kukada.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale ku Kyoto, kwawo kwa machiya otchuka, nyumbazi zikutha? Kafukufuku wa mzindawo wa 2008 ndi 2009 adapeza zoposa 47,000, koma pofika 2016 zidatsala pafupifupi 40,000. Pamalo pa zambiri padamangidwa mafulati ndi poimika magalimoto.

Okonda mafilimu akudziwa kale tauniyi: Tokyo Story ya Yasujiro Ozu, ya mu 1953, imayambira ndi kuthera ku Onomichi. Okonda njinga nawo amayambira pano ulendo wa Shimanami Kaido, makilomita pafupifupi 70 odutsa zilumba 6 ndi milatho mpaka ku Imabari pa chilumba cha Shikoku, njira yomwe idatsegulidwa mu 1999.

Kodi mumadziwa kuti sutikesi ya matayala ilibe ntchito pa phirili? Takisi imakutsitsani kumunsi, kwatsalako ndi miyendo yanu ndi masitepe. Odziwa amasiya katundu wolemera m'malokala a pa siteshoni ya sitima n'kukwera ndi kachikwama ka kumsana ka zovala za usiku umodzi kapena uwiri.