Mbiri ya Malemu pa Maliro a Msilikali Wopuma

Pa maliro ambiri m'Malawi, mtembo usananyamuke kupita kumanda, pamakhala nthawi yowerenga mbiri ya malemu. Izi zimachitikira pabwalo la nyumba ya siwa, amayi atakhala mbali yawo, abambo mbali yawonso, mlaliki asanatsegule Baibulo. Womwalirayo akakhala kuti adagwirapo ntchito ya usilikali, mbiriyo imakhala ndi mbali ziwiri, ya kubanja ndi ya kuntchito, ndipo kawirikawiri oyankhula amakhalanso awiri.

Kukonza mbiri kumayamba usiku wochezera. Pamene amayi a kumpingo akuimba m'nyumba, abambo akuotha moto panja, mwinimbumba ndi ana akuluakulu amapatukira pambali ndi kope. Kwa okalamba, chaka chobadwa chimavuta kuchidziwa, choncho amatsegula sutikesi ya malemu kufuna chikalata chimene adalandira potuluka usilikali, chimene nthawi zambiri chimapezeka pamodzi ndi mamendulo. Nkhani yotenga nthawi kwambiri imakhala ya chiwerengero cha ana. Msilikali amasamutsidwa kawirikawiri, ndipo pena kumene adakhalako adasiyako mwana amene akumudzi samudziwa bwino. Zoterezi amayenera kugwirizana kusanache, chifukwa mwana wosatchulidwa pagulu amaona ngati akanidwa, ndipo mkangano wake umadzatulukira pogawa chuma chamasiye.

Mmawa, mfumu ikapereka malo kumanda ndipo adzukulu akatumiza mawu kuti amaliza kukumba, woyendetsa mwambo amaitana woimira banja. Ndondomeko yake ndi yodziwika: dzina la malemu, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, sukulu imene adaphunzira, chaka cha ubatizo ndi cha ukwati, kenaka ana, amoyo ndi otsogola, zidzukulu ndi zidzukulutudzi. Za matenda sazifotokoza mwatsatanetsatane. Amangoti malemu adadwala nthawi yaitali kapena yochepa, natchula chipatala ndi tsiku limene adatisiya.

Mbali ya usilikali amaiyankhula mnzake wa malemu amene adagwira naye ntchito, kapena nthumwi ya Malawi Defence Force. Iyeyu amatchula chaka cholowa ntchito, maudindo amene malemu adakwera, monga ukopolo ndi usajeni, ndi malo amene adatumikira: Cobbe Barracks ku Zomba, Kamuzu Barracks ku Lilongwe, Moyale Barracks ku Mzuzu. Mayina a nkhondo amaonetsa mbadwo wa malemu. Asilikali a King's African Rifles, amene anthu ankawatcha a Keyala, gulu limene lidakhazikitsidwa mu 1902, adakamenya nkhondo ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma pakati pa 1939 ndi 1945, ena ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Otsala a mbadwo umenewu ndi owerengeka kwambiri. Masiku ano pamamveka za amene adalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, ndi za amene adakasungitsa mtendere ku Ivory Coast ndi ku Democratic Republic of Congo.

Ulemu wa chisilikali sufanana pa maliro onse. Womwalira ali pantchito, kapena amene adali ndi udindo waukulu, bokosi lake limakutidwa ndi mbendera ya dziko, asilikali amalinyamula poguba pang'onopang'ono, amaomba mfuti m'mwamba ndi kuliza lipenga la Last Post pamanda. Gogo amene adapuma kalekale nabwerera kumudzi kukalima, nthawi zina amangoperekezedwa ndi anzake ochepa ovala majekete okhala ndi mamendulo pachifuwa. Amaima chilili pambali pa bokosi, kuchita sawasha, basi. Ngakhale zili zochepa chotere, anamfedwa amazitenga ngati ulemu waukulu.

Komabe khamu la pamudzi limatchera khutu kwambiri ku mbali ya banja. Za ku Burma kapena ku Congo anthu adangomva, koma za pakhomo adaziona ndi maso. Woyankhula akati malemu adali bambo wolimbikira ntchito, amayenera kuloza umboni: nyumba ya malata imene adamanga ndi ndalama za penshoni, ana amene adawaphunzitsa, ana amasiye a mlongo wake amene adawalera, munda umene ankafikako dzuwa lisanatuluke. Ambiri mwa asilikali opuma amalowanso ntchito ya ulonda kapena udalaivala pofuna kupeza fizi, ndipo zaka zimenezi nazo zimawerengedwa. Mwambo sulola kunena zoipa za munthu wogona m'bokosi. Koma omvera ndi ochenjera. Mbiri ikatalika pa za mfuti nkufupika pa za pakhomo, amadziwa chimene chadumphidwa.

Mbiri ikatha amalengeza chipepeso, mfumu imayankhula, mlaliki nkutenga mwambo. Kumanda, poyala nkhata, amayamba mayi wamasiye, kenaka ana, achibale, mafumu, ampingo ndi asilikali. Pakapita chaka kapena kuposerapo, banja limasonkhananso kudzavundukula chiliza, ndipo mbiri ija imawerengedwanso mwachidule. Pamwalapo ambiri amalembapo udindo wa malemu patsogolo pa dzina lake.

Dziko nalo lili ndi tsiku lake lokumbukira asilikali, Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, potsatira kutha kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse pa 11 Novembala 1918, imene makolo ankaitcha nkhondo ya Chiwaya. Mwambowu umachitikira pa chipilala cha Keyala ku Zomba, pa chipilala cha ku Area 18 mu Lilongwe, ndi ku Mzuzu. Nthawi ikakwana 11 koloko mmawa, anthu amakhala chete mphindi ziwiri, kenaka akuluakulu a boma, akazembe ndi asilikali akale amayala nkhata. Masiku oyandikira mwambowu pamagulitsidwa timaluwa tofiira ta popi tovala pachifuwa, ndipo ndalama zake zimathandiza asilikali okalamba, kuphatikizapo amene amasungidwa m'nyumba za pafupi ndi Cobbe Barracks.