Glaucoma: Nthenda Yoba Maso Mwakachetechete

Munthu amayamba ndi kugunda mphuthu ya chitseko, kapena kudzidzimuka njinga itamufika kale m'mbali. Achibale amangoti ndi ukalamba, ena amati ndi ng'ala. Komatu ng'ala imachotsedwa pa opaleshoni ndipo munthu amaonanso, pamene zimene glaucoma yawononga sizibwerera. Padziko lonse, nthendayi ndiyo ili patsogolo pochititsa khungu losachizika.

Nkhani yake imayambira pa timadzi ta m'kati mwa diso, tosiyana ndi misozi. Usana ndi usiku diso limapanga timadzi toyera todyetsa mbali yake yakutsogolo. Tikatha ntchito timadutsa pa kasefa kamene kali m'mphepete mwa gawo lakuda la diso, n'kutsata kangalande kokathira m'mitsempha ya magazi. Kasefako kakayamba kutsekeka, madzi amadzadzana, diso limalimba, ndipo mtsempha wotumiza zithunzi ku ubongo umafa pang'onopang'ono. Pa mtundu wofala wa nthendayi munthu samva ululu. Amayamba kusaona zam'mbali, ndipo pozindikira amakhala atataya zambiri.

Koma kudzadzana kwa madzi si nkhani yonse, pakuti ena amadwala chikhalirecho muyeso wa m'diso uli wabwinobwino. Ichi chinachititsa akatswiri kufufuza kayendedwe ka magazi. Ku Barbados, kafukufuku amene anatsatira anthu akuda kwa zaka 9 anasonyeza kuti magazi akamafika m'diso ndi mphamvu yochepa, chiopsezo chimakula. N'chifukwa chake kupima muyeso wa madzi pakokha sikokwanira: dokotala ayenera kuonanso mtsempha weniweniwo.

Mtolo wa nthendayi ndi wolemera kwambiri mu Africa. M'boma la Kongwa ku Tanzania, zotsatira za m'chaka cha 2000 zinasonyeza kuti pa anthu 100 alionse a zaka 40 kupita m'tsogolo, 4 anali nayo. Ku Tema m'dziko la Ghana, kafukufuku wa 2013 anapeza pafupifupi 7 pa 100, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe kuti akudwala.

Mpaka lero, njira yotsimikizika yochedwetsera khungu ndiyo kutsitsa muyeso wa madzi m'diso. Odwala ambiri amapatsidwa mankhwala odontheza m'maso monga timolol, tsiku ndi tsiku moyo wonse. Kwa mlimi wokhala kutali ndi chipatala, kabotolo kakatha, chithandizo chathera pomwepo.

Apa m'pamene pagona kufunika kwa kafukufuku wa pachipatala cha KCMC ku Moshi, Tanzania, wofalitsidwa mu 2021. Odwala 201 anagawidwa pawiri: ena analandira timolol, ena anawaunika kasefa kaja ndi kuwala kwa laser kwa mphindi zochepa kuti madzi azidutsa bwino. Patatha chaka, laser inathandiza maso 61 pa 100 alionse, pamene timolol inathandiza 31. Makinawo ndi okwera mtengo, koma ofufuzawo anawerengera kuti chipatala chothandiza maso pafupifupi 500 pachaka chingapereke chithandizochi pa mtengo wofanana ndi wa timolol wa chaka chimodzi.

Komabe laser singathandize munthu amene sanapimidwe. Aliyense amene wakwanitsa zaka 40, makamaka amene kholo kapena m'bale wake anachita khungu mosadziwika bwino, ayenera kukapimitsa maso akadali kuona, osadikira ululu umene sudzabwera.