Ng'ombe ndi yanga, mpeni ndi wanga, nanga boma likulowererapo chiyani?

Ndili Fomu 2 ndinapita kukathera holide kwa amalume kumudzi. Tsiku lina m'mamawa tinapeza ng'ombe imodzi mwa ziwiri zokoka ngolo itafa m'khola. Dzulo lake inali bwinobwino, inadya, inamwa madzi. Koma apa mimba inali itatupa kale, ndipo magazi akuda ankatuluka m'mphuno ndi kumbuyo. Pasanathe ola limodzi pabwalo panadzaza. Abambo anabwera ndi mipeni, amayi ndi mabeseni, ife ana tikungomeza malovu. Amalume anali atawerengera kale: miyendo igulitsidwe pa ngongole anthu adzalipire akakolola, zam'kati tigawane.

Kenaka anatulukira mlangizi wa ziweto pa njinga yake. Anaizungulira ng'ombe ija osaikhudza, nati, "Bambo, pepani kwambiri. Ng'ombe iyi musaisende, musaing'ambe. Tiikwirire."

Amalume anayankha mokweza: "Achimwene, ng'ombe ndi yanga, khola ndi langa, mpeni ndi wanga. Nanga boma likulowererapo chiyani?"

Kunena zoona, tsiku limenelo ine ndinali mbali ya amalume. Lero ndikufuna tiliyankhe funso lawo lija ndi sayansi, chifukwa mwina tsiku lina lidzafunsidwa pakhomo panu, inu muli pomwepo.

Malire ali pati?

Mayiko ambiri saletsa munthu kupha chiweto chake kuti adye. Chomwe malamulo amayang'ana ndi komwe nyamayo ikupita.

Ku Britain mlimi amaloledwa kupha nkhosa, nkhumba kapena ng'ombe yake pakhomo pake, koma nyamayo adye iye ndi a m'banja lake okhala naye nyumba imodzi, basi. Kupatsa mnansi, ngakhale mwaulere, n'kuphwanya lamulo. Ku United States lamulo la Federal Meat Inspection Act, lomwe linakhazikitsidwa mu 1906, limafewako pang'ono. Mwini chiweto akhoza kudya ndi a m'nyumba mwake, antchito ake ndi alendo omwe sakulipira, koma nyama yosayezedwa saloledwa kuigulitsa.

Kuno ku Malawi tili ndi malamulo awiri ofunika kuwadziwa. Lina ndi Meat and Meat Products Act, lokhudza kayezedwe ka nyama yopita kumsika. Lina ndi Control and Diseases of Animals Act, lomwe limapatsa boma mphamvu zolimbana ndi miliri ya ziweto. N'chifukwa chake nyama ya m'butchala imayenera kuyamba yaonedwa ndi woyeza nyama n'kudindidwa chidindo. N'chifukwa chakenso mumamva pa wayilesi kuti boma laletsa kupha, kugulitsa kapena kusamutsa ziweto m'dera lakuti, monga zimachitikira ku Chikwawa ndi ku Nsanje kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Chiletso chotere chikalengezedwa, mawu oti "ndi yanga" sagwiranso ntchito.

Mwaona? Mayiko atatu, malire osiyana, koma ganizo ndi limodzi. Nyama ikamatalikira khomo la mwini wake, lamulo limanka lilimba.

Tiyeni tichite masamu pang'ono

Nkhuku imodzi imathera pa banja limodzi. Ikakhala ndi vuto, odwala ndi anthu ochepa, ndipo onse akudziwa chomwe adya.

Tsopano tiyerekeze ng'ombe yatulutsa makilogalamu 100 a nyama, ndipo banja lililonse latenga theka la kilogalamu. Amenewo ndi mabanja 200. Ngati banja lililonse lili ndi anthu 5, ndiye kuti ng'ombe imodzi yalowa m'kamwa mwa anthu 1,000. Ena agula kuti akakazinge pa chiwaya, ena atumiza kwa achibale kutauni. Mwa anthu onsewa ndi angati anaiona ng'ombeyo ili moyo? Mwina khumi. Otsalawo akungokhulupirira.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mwini chiweto amadziwa kuti chinkatsokomola, chinasiya kudya, kapena chinabayidwa jakisoni dzana. Wogula sadziwa chilichonse, ndipo nyama ikadulidwa nthulinthuli yonse imaoneka chimodzimodzi. Woyeza nyama amakhala maso a anthu omwe sanalipo.

Woyeza nyama amafufuza chiyani?

Ntchito yake ili pawiri. Choyamba amaona chiweto chisanaphedwe: kayendedwe kake, kapumidwe, ngati chikutuluka dovu, ngati chatentha thupi. Matenda ena amaonekera bwino pa chiweto chamoyo kuposa pa nyama. Ichi n'chifukwa chake chiweto chofa chokha sichingapambane mayeso. Chalephera kale pepala loyamba.

Chachiwiri amayeza nyama ndi ziwalo chikaphedwa. Amacheka mapapo ndi tizigawo totchedwa ma lymph node, timene tikatupa m'thupi mwathu timati mwanabere. Mmenemo amafufuza timabulu tolimba ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe, choyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Mycobacterium bovis, yemwe amagwiranso anthu. Amacheka chiwindi kufufuza nyongolotsi. Amachekanso lilime, mtima ndi minofu ya m'masaya.

Mwa nkhumba, m'minofu imeneyi amafunamo timatuza toyera tonga njere za mpunga. Timeneti ndi ana a nyongolotsi yotchedwa Taenia solium. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, nyongolotsi imakulira m'matumbo mwake mpaka mamita angapo, n'kumatulutsa mazira m'chimbudzi chake. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, timatuza tija timakamera m'thupi mwake, nthawi zina mu ubongo. Zotsatira zake ndi khunyu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'madera ambiri momwe nyongolotsiyi ndi yofala, anthu pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse odwala khunyu amadwala chifukwa cha iyo. Tangoganizani, wodwalayo akhoza kukhala munthu amene sadya n'komwe nkhumba.

Chomwe mlangizi uja anaona

Tibwerere ku khola la amalume. Kufa mwadzidzidzi, kutupa msanga, magazi akuda osaundana otuluka m'mphuno ndi kumbuyo: izi ndi zizindikiro zomwe aliyense wophunzira za ziweto amauzidwa kuti akaziona aganize za anthrax.

Matendawa amayambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Bacillus anthracis. Ali ndi mbiri yaikulu mu sayansi. Mu 1876 Robert Koch wa ku Germany anagwiritsa ntchito bakiteriya ameneyu posonyeza kuti kachilombo kamodzi kodziwika kamayambitsa nthenda yodziwika, ndipo mu 1881 Louis Pasteur anaonetsa poyera ku France kuti katemera wake amateteza nkhosa.

Chinsinsi cha bakiteriyayu n'chakuti ali ndi maonekedwe awiri. M'thupi mwa chiweto amakhala wofewa, ndipo mtembo ukasiyidwa osang'ambidwa, ambiri amafera momwemo pamene ukuwola. Koma magazi akangokhudzana ndi mpweya wa kunja, amasanduka ma spore, timbewu tokhala ndi chikhungwa cholimba tomwe sitiopa dzuwa kapena chilala. Timagona m'dothi zaka makumimakumi, kudikira ng'ombe ina idzadye msipu pamenepo. Chilumba cha Gruinard ku Scotland chinathiridwa ma spore amenewa mu 1942 poyesera zida zankhondo. Anachita kuchitsuka ndi mankhwala mu 1986, ndipo analengeza kuti n'chabwino mu 1990, patatha zaka 48.

Ndiye mpeni wa amalume ukanangolowa m'mimba mwa ng'ombe ija, ukanachita zinthu ziwiri: kuika pachiswe aliyense wogwira nyamayo, ndi kufesa matenda pabwalo lomwe zidzukulu zawo zidzadyetserepo ziweto.

"Koma moto umapha zonse"

Awa ndi mawu omwe ndimawamva kawirikawiri. N'zoona kuti kuphika nyama mpaka kupsa kumapha tizilombo tambiri, kuphatikizapo timatuza ta m'nyama ya nkhumba. Koma taganizani ulendo wa nyama isanafike mumphika. Wina wasenda, wina wadula, wina wasenza pamutu magazi akuchucha, wina watsuka. Anthu ambiri odwala anthrax amaitengera pakhungu, kudzera pa kabala kakang'ono. Pamatuluka chotupa choyabwa chomwe chimasanduka chilonda chokhala ndi nkhanambo yakuda bii pakati. Dzina loti anthrax linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza makala. Anthrax ya m'matumbo, yobwera ndi kudya nyama yosapsa, ndi yoopsa kuposa ya pakhungu. Kuyanika kapena kuwamba nyama sikupha ma spore.

Izi si nthano zakutali. Mu 2011 mvuu zambiri zinafa mu mtsinje wa Luangwa m'boma la Chama ku Zambia, lomwe lachita malire ndi dziko lathu. Anthu anagawana nyama. Oposa 500 anadwala ndipo 5 anamwalira. Kumapeto kwa 2018 anthrax inaphanso mvuu mu mtsinje wa Shire ku Liwonde National Park, ndipo boma linachenjeza anthu kuti asadye nyamayo. Mu Disembala 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti matendawa abuka m'mayiko asanu nthawi imodzi: Kenya, Malawi, Uganda, Zambia ndi Zimbabwe.

Palinso china chomwe moto suchotseratu. Chiweto chikadwala, mwini wake amachibaya mankhwala, ndipo akaona kuti sichikuchira amathamangira mpeni kuti asaluze. Mankhwala aja amakhala akadali m'nyama. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira chiweto chisanaphedwe. Kudya timankhwala totsalira totere kumathandizira kuti mabakiteriya azolowere mankhwala, mpaka asiye kuwamva.

Lamulo limatetezanso khola la mnansi

Chigodola cha nkhumba, chomwe asayansi anachifotokoza koyamba ku Kenya mu 1921, sichigwira anthu. Ndiye bwanji boma limaletsa kugulitsa nyama ya nkhumba chikabuka? Yankho ndi lakuti vairasi yake imakhala yamoyo m'nyama kwa milungu, ngakhale miyezi. Mlimi akaona nkhumba zayamba kufa amapha zotsala msangamsanga n'kugulitsa motchipa. Wogula amatsuka nyama, n'kutaya madzi ndi zotsalira pomwe nkhumba zake zimadya. Pakatha sabata, nalonso khola lake latha psiti. Chigodola chilibe mankhwala ochiza, choncho chida chachikulu ndi kuimitsa nyama kuti isayende.

Mbali yowawa

Sindikufuna kunamizira kuti nkhaniyi ndi yophweka. Ng'ombe ija inali fizi ya ana a amalume, inali thiransipoti ya chimanga ndi manyowa. Kuikwirira kunali ngati kukwirira ndalama. Komanso kwathu kuno kugawana nyama ndi umunthu. Pa ukwati, pa maliro, pa Khirisimasi, pa Eid, nyama imayenda khomo ndi khomo, ndipo wodya yekha timamutcha womana. Ngakhale ku Chama kuja, ofufuza atafunsa anthu, ena anayankha kuti akhoza kudzadyanso mvuu yofa yokha chifukwa cha njala ndi kusowa ndiwo. Munthu wanjala sungamuseke. Alangizi nawonso ndi ochepa, sangafike pa mbuzi iliyonse.

Koma kusowa kwa mlangizi sikusintha khalidwe la bakiteriya. Mphatso yomwe ingagoneke mwana wa mnansi m'chipatala si mphatso.

Zomwe inu mungachite

Simukufunika digiri kuti muthandize kwanu. Chiweto chikafa chokha, makamaka mwadzidzidzi, musachisende. Thamangitsani agalu, chiphimbeni kuti mbalame zisachijomphe, ndipo uzani mlangizi wa ziweto kapena amfumu. Iye ndiye anene ngati chiotchedwe kapena chikwiriridwe m'dzenje lakuya pafupifupi mamita awiri. Ngati pakhomo pakuphedwa ng'ombe kapena nkhumba yoti idyedwe ndi anthu ambiri kapena kugulitsidwa, kumbutsani akuluakulu kuti aitane mlangizi chiwetocho chikadali moyo. Pogula nyama funsani za chidindo, pajatu safunsa anadya phula. Ndipo wina akatuluka chilonda chakuda pakati atagwira nyama kapena chikopa, apite kuchipatala tsiku lomwelo n'kukanena zomwe anagwira. Anthrax imachizika ndi maantibayotiki ikapezeka msanga.

Ng'ombe ya amalume tinaikwirira madzulo a tsiku lomwelo, anthu akung'ung'udza. Mlangizi anatenga kadontho ka magazi pakhutu n'kupaka pa kagalasi kuti akaunike, ndipo patapita masiku angapo anabweranso kudzabaya katemera ng'ombe zotsala za m'mudzimo. Palibe anadwala. Amalume anakhala miyezi osamulankhula bwino mlangizi uja, ndipo palibe anamuthokoza. Ndinadzamvetsa ndili Fomu 4, titaphunzira za ma spore, kuti munthu yekhayo amene anapita kwawo wopanda nthuli tsiku lija n'kukhutira ndi amene ankadziwa zomwe zinali m'magazi aja.

Funso la sabata ino: kwanuko chiweto chikafa chokha, amene amagamula zochita ndi ndani? Ndipo inu, ndi zomwe mwawerengazi, mungamuuze chiyani mwaulemu?