Kuseri kwa nsanja: phunziro la ulendo wa Bhundu Boys ku Ulaya

M'chaka cha 1986, anyamata asanu a ku Harare anatera pabwalo la ndege la Gatwick ku England. Anali ataitanidwa kuti akaimbe, koma amene anadzawachingamira anadabwa kuona kuti alendowo analibe gitala kapena ng'oma. Kwawo ankaimba m'mabala pogwiritsa ntchito zida za eni malowo, choncho zida zinachita kufunidwa iwo atafika kale.

Anyamatawo anali Biggie Tembo, Rise Kagona, David Mankaba, Shakespeare Kangwena ndi Kenny Chitsvatsva, a gulu la Bhundu Boys lomwe linkaimba chamba cha jiti. Poyamba anafikira ku Hawick, tauni yaing'ono ya ku Scotland, ndipo kuchokera kumeneko anayamba kuzungulira dziko la Britain. Aulutsi awiri a wailesi ya BBC, John Peel ndi Andy Kershaw, anakonda chimbale chawo cha Shabini n'kumachiseweretsa kawirikawiri. Pofika mu August 1987, gululi linaimba masiku atatu pabwalo la Wembley ku London, kutsegulira woimba wa ku America, Madonna.

Amene anatsala kumudzi ankamva za ulemerero wokhawokha. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Woimba amene ali paulendo amathera usana m'galimoto, usiku pansanja, ndipo kukacha amanyamulanso zida kulowera tauni ina. Amagona pogona pachilendo, amadya zimene wapeza, ndipo mkazi ndi ana amatha miyezi osamuona. Ndalama ya pakhomo nayo siyonse yake. Amayamba atapapo wokonza zoimbaimba, manijala, mwini galimoto, mwini malo ogona ndi a msonkho, kenaka yotsalayo ndiyo imagawidwa kwa oimba.

Mu 1987 momwemo gululi linasaina mgwirizano ndi kampani yaikulu ya WEA, yomwe inawapatsiratu ndalama zambiri. Mlimi amene analandirapo feteleza ndi mbewu pangongole kuchokera kwa wogula fodya akudziwa bwino mmene ndalama yotere imayendera. Si mphatso ayi. Kampani imayamba yadula zake pa malonda a chimbale, woimba asanaone kalikonse. Gawo la ndalamazo linagulira nyumba ku London, ndipo nkhani ya nyumbayo inadzautsa mkangano umene unatenga zaka zambiri.

Chinanso n'chakuti wopereka ndalama amakhalanso ndi mawu pa nyimbo. Chimbale cha True Jit, chomwe chinatuluka chaka chomwecho, chinasalazidwa kuti chikomere makutu a ku Ulaya ndipo nyimbo zina zinali m'Chingerezi. Ambiri mwa amene anakonda gululi chifukwa cha magitala ake a ku Harare anagwa ulesi, pamene ogula atsopano sanabwere monga kampani inkayembekezera. Chimbale chotsatira, Pamberi, chitatuluka mu 1989, WEA inawasiya. Mu 1990 Tembo, yemwe ankatsogolera nyimbo, anachoka m'gululi atasemphana ndi anzake.

Kenaka kunabwera matenda. Mankaba anamwalira mu 1991, ndipo anafuna kuti anthu adziwe kuti chimene ankadwala ndi Edzi. Panthawiyo ngakhale pamaliro anthu sankatchula dzina la matendawa, choncho iye amakumbukiridwa ngati mmodzi mwa anthu otchuka oyambirira ku Zimbabwe kuulula poyera. Shepherd Munyama, yemwe analowa m'malo mwake, anamwalira mu 1992, ndipo Kangwena anatsatira mu 1993, onse ndi matenda omwewo. Mankhwala otalikitsa moyo amene tikuwadziwa lero anali asanapezeke. Tembo anavutika ndi matenda a maganizo mpaka anadzipha ali m'chipatala ku Harare mu 1995. Kagona anatsala ku Scotland komwe anakhala zaka zambiri akuimba m'malo ang'onoang'ono.

Nkhaniyi si yongokhudza oimba otchuka okha. M'midzi mwathu muli magulu a achinyamata oimba, ovina ndi ochita zisudzo, ndipo ena mwa iwo amaitanidwa ku zikondwerero za ku Johannesburg, Zanzibar ngakhale ku Ulaya. Kawirikawiri munthu woyamba kufunsidwa nzeru amakhala mlangizi kapena wogwira ntchito zachitukuko wa m'deralo. Pali mafunso amene iye angawathandize kufunsa asanakwere basi kapena ndege. Kodi mgwirizano walembedwa, ndipo wina wawamasulira m'chinenero chawo? Ndani akulipira tikiti yobwererera ndi chipatala wina akadwala? Kodi chiphaso chawo chikuwalola kugwira ntchito, kapena n'cha kukacheza chabe? Kodi nyimbo zawo anazilembetsa ku mabungwe oteteza umwini monga COSOMA ku Malawi, ZAMCOPS ku Zambia kapena ZIMURA ku Zimbabwe? Amene ali pa ma ARV, kodi atenga okwanira ulendo wonse?

Luso a Bhundu Boys anali nalo, ndipo nyimbo zawo zimavinitsabe anthu mpaka pano. Mnyamata wa m'mudzi mwanu akabwera ndi kalata yomuitana kunja, muyamikireni, kenaka khalani naye pansi muwerengere limodzi kalatayo mpaka mzere womaliza asanasaine.