Mitengo ya ku Dzalanyama ndi Mantha a Akulu Athu

Anzanga, m'chaka cha 2015 mayiko a m'bungwe la United Nations anapangana mfundo 17 za chitukuko chosaononga chilengedwe, zoti zikwaniritsidwe pofika 2030. Akulu ena a mpingo wathu kuno ku Nsungwi amaziopa, nati ndiyo njira yoikira anthu onse pansi pa boma limodzi, la chilombo chija cha pa Chivumbulutso 13. Ine ndiwamvetsa, pakuti mwini ndalama amafunanso kulamula. Komatu mfundozo si lamulo lokakamiza dziko lililonse. Tsono taonani, makala amene tiphikira akumaliza nkhalango ya Dzalanyama, kumene uchokera mtsinje wa Lilongwe wotipatsa madzi akumwa. Kodi amene anauza Adamu kusamala munda ndi azungu? Iai, ndi Mulungu. Tiyeni tibzale mitengo mopanda mantha.