Karate ya Banja la Uechi: Mwana Amalowa Dzina, Luso Amachita Kuligwirira Ntchito

Mnyamata wa ku Petauke kapena ku Nyimba akafuna kuyamba karate, funso lake loyamba limakhala la lamba: mphunzitsiyo ali ndi lamba wakuda kodi, nanga ali pa dan (mlingo wa lambayo) yachingati? Makolo nawo akamva za karate amakumbukira mafilimu a m'tinyumba ta vidiyo pamsika, munthu mmodzi kugwetsa anthu khumi ndi mwendo umodzi. Ine monga mphunzitsi wa masewerawa ndimaona kuti funso loyenera ndi lina: munthuyo anaphunzira kwa yani, kwa zaka zingati, ndipo womuphunzitsayo anatuluka m'manja mwa yani? Ku Okinawa, chilumba cha kumwera kwa Japan kumene karate inabadwira, funsoli ndi lalikulu moti mitundu ina ya karate imatsogoleredwa ndi banja limodzi, bambo kusiyira mwana, mwana kusiyira mdzukulu. Wokhala pampando wotere amatchedwa soke. Mfundo yanga ndi yakuti utsogoleri wa banjawu uli ndi ntchito yeniyeni, yosunga dzina, mbiri ndi muyeso wa kaphunzitsidwe, koma luso lenilenilo silibadwa nawo munthu. Limapita kwa amene anakhetsa thukuta, kaya ndi mwana wa m'nyumba kaya ndi wobwera.

Mtundu wa karate wotchedwa Uechi-ryu umaonetsa zimenezi bwino. A Kanbun Uechi anabadwa mu 1877 m'dera la alimi la Motobu, kumpoto kwa Okinawa, patatsala zaka ziwiri kuti Japan ithetse ufumu wa Ryukyu n'kutenga chilumbacho kukhala chigawo chake. Mu 1897 anawoloka nyanja kupita ku Fuzhou, m'chigawo cha Fujian ku China, nthawi imene boma la Japan linali pafupi kuyamba kulemba anyamata a ku Okinawa usilikali mokakamiza. Kumeneko anaphunzira kwa katswiri amene a ku Okinawa amamutchula Shushiwa. Anakhala ku China zaka 13, ndipo pobwerera mu 1910 anabwera ndi makata atatu okha: Sanchin, Seisan ndi Sanseiryu. Kata ndi mndandanda wa mayendedwe, kutchinga ndi kumenya umene munthu amachita yekha, mobwerezabwereza, mpaka thupi litaloweza. Atafika kwawo anangokhala chete, n'kumalima, osaphunzitsa munthu. Mu 1924 umphawi unawatengera ku Wakayama, ku Japan, kukagwira ntchito pa fakitale ya ulusi, ndipo kumeneko mnzawo wa ku Okinawa, a Ryuyu Tomoyose, ndiwo anawanyengerera mpaka anavomera kuphunzitsa. Taonani: wophunzira woyamba kunja kwa China sanali wa magazi a Uechi. A Tomoyose akanapanda kuumirira, lusoli likanatha kulowa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Sukulu yoonekera kwa anthu onse inatsegulidwa mu 1932, dzina loti Uechi-ryu linabwera mu 1940, ndipo a Kanbun anamwalira mu 1948 pa kachilumba ka Iejima.

Kuti mumvetse chifukwa chake mzere wa aphunzitsi uli wofunika, yang'anani Sanchin pafupi. Wophunzira amaima mapazi atatalikirana ngati mapewa ake, phazi limodzi patsogolo pang'ono, zala zake zitaloza mkati. Mawondo amapindika pang'ono, msana uli chilili, mapewa atatsika, zigongono zili pafupi ndi nthiti, manja ali otambasula osati ofumbata. Amayenda pang'onopang'ono, phazi likukwekwesa pansi, n'kumaponya dzanja limodzi kutsogolo ndi kulibweza. Woonerera angati palibe chimene chikuchitika. Koma mphunzitsi amazungulira wophunzirayo, kumukankha m'chiuno kuti aone ngati agwedezeka, kumupanda m'mapewa ndi m'ntchafu, kumudina pamimba kuti amve ngati mpweya ukuyenda thupi lili chilimbire. Dzanja la mphunzitsi ndilo limadziwa kuti phewa lakwera, kapena kuti mwanayo akubanika mpweya m'malo molimbitsa mimba. Limadziwanso pothera: wongoyamba kumene amangokhudzidwa, wazaka zambiri ndiye amapandidwa mwamphamvu. Zimenezi vidiyo ya pa YouTube singakupatseni, chifukwa foni sigwira munthu paphewa. Ndipo munthu amene anangoonera n'kuyamba kupanda ana a eni ake mosadziwa muyeso amawavulaza impso ndi mawondo. Mzere wa aphunzitsi ndi umboni wakuti dzanja limene likugwira mwana wanu linagwiridwapo ndi dzanja lina lodziwa.

Mwana wa a Kanbun, a Kanei Uechi, anabadwa mu 1911 ndipo anaphunzira kwa bambo awo zaka zambiri ku Wakayama asanayambe kuphunzitsa paokha. Sanalandire mpando chifukwa cha kubadwa kokha, anali atautumikira. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anakhazikitsa sukulu yawo ku Futenma, mumzinda wa Ginowan, ndipo anachita chinthu chimene okonda kunena kuti mwambo susinthika amachidumpha: pa makata atatu a bambo awo anawonjezerapo asanu, Kanshiwa, Kanshu, Seichin, Seiryu ndi Kanchin, kuti wophunzira azikwera pang'onopang'ono m'malo motha zaka pa Sanchin yekha. Ena mwa makatawo anawakonza ndi ophunzira akuluakulu, monga a Seiki Itokazu ndi a Saburo Uehara. Anatsegulanso khomo kwa alendo. Msilikali wa ku America, George Mattson, anaphunzira ku Okinawa kenako n'kukayamba kuphunzitsa ku Boston mu 1958, ndipo kuchokera pamenepo Uechi-ryu inafalikira kunja. A Kanei anamwalira mu 1991, mpando n'kupita kwa mwana wawo a Kanmei Uechi, amene anamwalira mu 2015. Koma sizinayende myaa. Akuluakulu ena amene anaphunzira kwa a Kanei zaka makumi angapo anapatuka n'kupanga mabungwe awo, ena mpaka anatenga dzina latsopano la Shohei-ryu, ngakhale amachitabe makata asanu ndi atatu omwewo.

Owerenga a kuno sangadabwe nazo, chifukwa nkhani ya mpando timaidziwa. Kwa a Kalindawalo ku Petauke, kapena kwa a Ndake, a Luembe, a Nyalugwe ndi a Mwape ku Nyimba, ufumu wa Ansenga umayenda kuchikazi, mphwa kulowa m'malo mwa malume wake, pamene ku Okinawa umayenda kuchimuna. Koma mtima wake ndi umodzi. Mbumba imasunga ufumu, komabe mfumu yatsopano siidziwa yokha malire a minda ndi milandu yakale. Imadalira nduna zimene zinakhala pabwalo mfumu isanalowe. Wolowa ufumu akanyoza nduna, mudzi umagawika. Nduna nazo zikaiwala kuti mpando uli ndi eni ake, aliyense amadzitcha mfumu. Ku Okinawa kuli nkhani yoonetsa mbali zonse ziwiri zikugwirizana. Luso la banja la Motobu, lotchedwa Motobu Udundi, linkapatsidwa kwa mwana wamwamuna woyamba yekha. A Choyu Motobu analiphunzitsa kwa mnyamata wakunja kwa banja, a Seikichi Uehara, amene analisunga ndi kuliphunzitsa moyo wawo wonse. Mu 2003, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 100, anabweza utsogoleri kwa a Chosei Motobu, mwana wa a Choki Motobu, mng'ono wa a Choyu. Wobwera anagwirizira mpando kwa zaka zambirimbiri popanda kuulanda, ndipo popanda iye banjalo silikanapeza choti lilandire.

Wina anena kuti zonsezi ndi kukondera chabe, kuti mpando uzipita kwa waluso kuposa onse basi. Maganizowa ali ndi mphamvu, ndipo sindikana kuti mwana wa katswiri angakhale wamba. Vuto ndi lakuti mu karate yachikale mulibe woimba wezulo woti agamule kuti waluso kuposa onse ndi uyu. A Chojun Miyagi, amene anayambitsa Goju-ryu, anamwalira mu 1953, pamene wophunzira wawo wodalirika, a Jinan Shinzato, anali atafa kale pa nkhondo ya ku Okinawa mu 1945. Otsalawo, a Meitoku Yagi, a Eiichi Miyazato, a Seikichi Toguchi ndi ena, aliyense anatsegula sukulu yake, ndipo mpaka lero nthambi zawo zimasiyana pa kachitidwe ka makata. Kugawikako sikunaphe Goju-ryu, koma kunachotsa malo amodzi amene munthu angapite kukafunsa kuti choyambirira chinali chotani. Banja limapereka malo oterowo. Limasunga zithunzi, mabuku a mayina a ophunzira, manda a woyambitsa, ndiponso lili ndi chifukwa chochitira manyazi dzina likaipa, chinthu chimene komiti yosankhidwa zaka zingapo zilizonse siikhala nacho kwenikweni.

Koma banja likatseka chitseko, limafooketsa chimene likusunga. A m'banja la Nakaima anasunga Ryuei-ryu ngati chinsinsi cha m'nyumba kwa mibadwo ingapo, mpaka a Kenko Nakaima anaganiza zophunzitsa anthu akunja cha m'ma 1970. Mmodzi mwa ophunzirawo, a Tsuguo Sakumoto, anakhala katswiri wa dziko lonse pa kata mu 1984, 1986 ndi 1988. Wophunzira wa a Sakumoto, Ryo Kiyuna, anapambana mendulo ya golide pa mpikisano wa Olympics ku Tokyo mu 2021 ndi kata ya Ohan Dai, ya mtundu womwewo umene kale unkabisidwa kuseri kwa mpanda. Onse awiriwa si a Nakaima.

Winanso afunsa kuti za ku Okinawa zikumukhudza bwanji mwana wa m'mbali mwa Great East Road, amene akuphunzirira m'kalasi ya pasukulu kapena m'holo ya tchalitchi, pasimenti, wopanda ngakhale yunifomu. Zikumukhudza chifukwa iyeyo ndiye wosavuta kunamiza. Malamba ndi madan si akale monga anthu amaganizira. Anayamba mu judo ya a Jigoro Kano, ndipo a Gichin Funakoshi, tate wa Shotokan imene ili yofala m'maiko athu ano, anawabweretsa mu karate mu 1924. A Kanbun Uechi anabwera kuchokera ku China alibe lamba wakuda. Lero lamba amagulidwa m'sitolo ku Lusaka ndipo satifiketi imasindikizidwa pa kompyuta iliyonse, pamene mzere wa aphunzitsi ndi wovuta kupeka, popeza uli ndi mayina a anthu amene angafunsidwe. Sindikunena kuti mphunzitsi wabwino ayenera kukhala ndi chikalata cha banja la Uechi kapena kuti anapondako ku Okinawa; ambiri mwa ife sitingakwanitse ulendowo. Ndikunena kuti mphunzitsi woona amatchula msanga amene anamuphunzitsa, amadziwa mtundu wa karate yake ndi mayina a makata ake, amapitabe kwa akuluakulu ake kukakonzedwa, ndipo sakwiya kholo likapempha kukhala pambali n'kuonerera. Inu bambo ndi mayi, musanapereke ndalama ya mwezi woyamba, funsani dzina la amene anaphunzitsa mphunzitsiyo ndi kumene ali, kenaka khalani pansi muone mmene akugwirira mwana wamng'ono kuposa onse m'kalasimo.